Mlimi wa fodya m'bala: alembi athu atiyendetsa njira imodzimodzi mokwana

Ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, kuli bizinesi ina yoti munthu wa kuno kwathu ataimva angayambe waseka kaye. Dzuwa likapendeka alendo amasonkhana pa bala ina, n'kulipira kangachepe, kenaka akatswiri a zisudzo amawatenga n'kumawayendetsa wapansi, kutuluka bala iyi, kulowa bala iyo. Paliponse pamene aima alendo amanyowetsa kukhosi, uku atsogoleri aja akusewera kachigawo ka zolemba za James Joyce, Samuel Beckett kapena Brendan Behan, ndi kufotokoza kuti mlembi wakutiyo ankamwera pano, ankakangana ndi anzake apo. Ulendo umenewu udayamba m'chaka cha 1988. M'mizinda ina yambiri ya ku Ulaya maulendo otere aliko, kungoti ambiri mwa iwo za mabuku alibe nazo ntchito: wotsogolera patsogolo, gulu pambuyo, kupapira mpaka tambala woyamba.

Ku Kasungu kulibe kampani yogulitsa matikiti a ulendo wotere. Koma ulendowo ulipo, ndipo uli ndi nyengo yake. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama zikayamba kugwa m'mabanki, mabala a pa boma, a pa Chinkhoma, pa Santhe, pa Chamama, pa Chatoloma mpaka ku Nkhamenya amadzuka kutulo. Ndipo ife a m'tauni, ogula nyuzi, ulendo umenewu tauyenda kambirimbiri tili khale pampando. Wotitsogolera wathu ndi mlembi wa nkhani yaifupi, wa sewero la pa wailesi, wa ndakatulo ya pa tsamba la Chichewa. Tsono funso langa lero ndi ili: kodi mtsogoleri ameneyu amationetsa chiyani, nanga ndi chiyani chimene amatidutsitsa pambali osatiuza?

Njira yake mukuidziwa, awerengi, chifukwa sisintha. Mlimi, amene nthawi zambiri amapatsidwa dala dzina loseketsa, watapa ndalama za mabelo ake ku banki. Wagula njinga yatsopano, wailesi yaikulu ndi jekete yosamukwana. M'bala yoyamba akulamula kuti aliyense apatsidwe botolo, ngakhale anthu amene sakuwadziwa n'komwe. M'bala yachiwiri akusamba m'manja ndi mowa asanagwire kanyenya. M'bala yachitatu akukumana ndi mtsikana wa milomo yofiira amene watsika basi dzulo lomweli kuchokera ku Lilongwe. Kenaka ku resitihausi. Kukucha m'thumba muli mbee, njinga kulibe, nsapato kulibe. Akubwerera kumudzi wapansi, mkazi ali pakhonde dzanja lili patsaya, ana ali ndi njala. Nkhani za m'zaka za m'ma 1990 zinkaonjezerapo ndime imodzi: patapita chaka munthu uja wayamba kuonda ndi kutsokomola. Apo mlembi amatseka ndi mwambi, basi yatha.

Ndisanapite patali ndinene poyera kuti nkhani imeneyi si yabodza. Aliyense wokhala ku Kasungu, ku Dowa kapena ku Mchinji akudziwa khomo lomwe lidagona ndi njala mu Febuluwale chifukwa ndalama za mu Juni zidathera pa kauntala. Edzi nayo, chiyambire m'chaka cha 1985 pamene idadziwika koyamba m'dziko muno, idadutsadi m'maresitihausi amenewa ndipo idasiya manda. Chimene ndikudandaula n'chakuti pa nkhani zonse zimene zili m'bala ya nyengo ya fodya, ife tidasankhapo imodzi yokha n'kumangoibwereza ngati nyimbo ya pa mtondo. Mlembi amalowa nafe m'bala chigamulo chili kale m'thumba. Sadabwa ndi kanthu, safunsa kanthu. Owerenga timatulukamo titangotsimikiza zimene tinkaganiza kale, zoti ife ndife ochangamuka ndipo wakumudzi ndalama saidziwa. Timaseka, n'kupinda nyuzi, n'kuitanitsa ina yozizira pa Bwandilo kapena pa Kamba, malipiro a mwezi asanafike n'kunyumba komwe. Akulu adati anyani sasekana zikundu.

Chikombole choumbira nkhani zoterezi n'chakale. Buku la Samuel Josia Ntara lotchedwa Nthondo, lomwe lidapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 1933, limatsata munthu kuyambira ali mwana, kudutsa m'moyo wakuba ndi wosalongosoka, ulendo wa kunja kokafuna ntchito, mpaka kubwerera kwawo, kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo amene adamasulira bukuli m'Chingerezi m'chaka cha 1934 adali m'busa T. Cullen Young. Mabuku athu oyamba adabadwira m'nyumba zosindikizira za mishoni, adakulira m'kalasi, ndipo mwana wa sukulu adazolowera kuti nkhani ikatha afunsidwa kuti phunziro lake n'lotani. Palibe cholakwa ndi phunziro. Koma Ntara, pofuna kufika pa phunzirolo, adayamba wationetsa mudzi wonse: maliro, milandu, maukwati, njala, kaganizidwe ka anthu. N'chifukwa chake bukulo likuwerengekabe. Adzukulu ake m'zolemba tidatola phunziro lokha, mudziwo n'kuusiya panjira.

Nanga mtsogoleri woidziwa Kasungu akadatiyambitsira pati ulendowu? Ine ndikuti akadayambira pa nazale, m'mwezi wa Seputembala, pamene banja lonse limadzuka m'bandakucha kukathirira mbande ndi makeni. Akadationetsa kuoka ndi mvula yoyamba, kuthira feteleza wangongole, kupalira, kubandira, kudula nsonga, kuchotsa mphukira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi usiku ndi koloboyi, ndi kudinda mabelo pa jeke. Ndi ntchito ya miyezi isanu ndi inayi kapena khumi, ndipo malipiro ake amabwera kamodzi kokha. Pakatikati apo pali Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya ganyu ndi katapila, pamene munthu yemweyu amavula chipewa pamaso pa wagolosale kupempha sopo wapangongole. Wantchito wa m'boma amalandira kakhumi ndi kawiri pa chaka, ndipo akalakwitsa mwezi uno amakonza mwezi wamawa. Mlimi wa fodya chaka chake chonse chimafika m'manja tsiku limodzi. Mlembi amene sadatiuze zimenezi, ndiye kuti raundi ija ya m'bala yoyamba sitingaimvetse.

Akadatiimikanso pa okushoni, kaya pa Chinkhoma pomwepo, kaya ku Kanengo. Mabelo, lililonse lolemera pafupifupi makilogalamu 100, ali ndandanda. Ogula ochokera ku makampani owerengeka, monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI, akuyenda mumzere, woitanira mitengo akung'ung'udza chinenero chimene mlimi sachimva, ndipo belo lomwe latenga miyezi khumi limagulidwa kapena kukanidwa m'kamphindi koti munthu sangamalize n'kupatsana moni komwe. Mtengo uli m'masenti a ku America. Likakanidwa, belo limabwerera kukadikira tsiku lina, mwini wake akulipira malo ogona ndi chakudya. Likagulidwa pamabwera chikalata cha malonda, ndipo pa chikalata chimenechi ndi pomwe pali ndakatulo yeniyeni ya fodya: apa adula a msika, apa a bungwe loyang'anira fodya, apa a kafukufuku, apa a bungwe la alimi, apa ziguduli, apa thiransipoti, apa msonkho, apa ngongole. Kuchokera m'chaka cha 2012 fodya wambiri amagulitsidwa pa kontilakiti, kutanthauza kuti kampani imene idakongoza feteleza ndi mbewu imayamba yatenga zake. Ndawerenga nkhani zambiri za mlimi woledzera, koma sindidaonepo ngakhale imodzi imene mlembi wake adatambasula chikalata chimenechi kuti owerenga tione.

Mukaika zonsezi pamodzi, bala imayamba kuoneka mwina. Chaka chonse munthu uyu wakhala akuuzidwa: mlangizi amuuza, wakalabu amuuza, wathiransipoti amuuza, wogula amuuza mtengo, wa ku banki amuuza kuti aime pamzere. Bala ndi malo oyamba pamene iye akayankhula wina amathamanga. Akakweza chala botolo limabwera, nyimbo imasinthidwa, anthu amene mu Febuluwale ankamulambalala akumutcha bwana. Chimene akugula pamenepo ndi ulemu wa maola ochepa, mowawo n'chiphaso chabe. N'zomvetsa chisoni, inde, ndipo mtengo wake amalipira ndi ana. Koma chisoni chimenechi n'chozama kuposa nthabwala ya jekete yosamukwana, ndipo ndicho chimene mlembi waluso akadakumba. Onjezaniponso kuti ndalama ya kwacha siikhulupirika poisunga: mu Novembala 2023 idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene adasunga ya feteleza m'thumba adadzuka itafota. Mwambi uja woti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ku Kasungu saunena moseka ayi.

Mawu oti bwana ali ndi mbiri yake m'chigwa chimenechi. M'nthawi ya Dr Kamuzu Banda, amene kwawo kudali ku Kasungu komweko, lamulo la mbewu zapadera silinkalola mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale. Ameneyu adali fodya wa eni esiteti okhala ndi ziphaso. Wakumudzi ankalima chikopa n'kukagulitsa ku ADMARC pa mtengo umene ADMARC yomweyo yanena. M'zaka za m'ma 1970 minda ikuluikulu ya Press Farming ndi General Farming idafalikira m'bomali, ndipo nduna, akuluakulu a chipani ndi a m'boma adalimbikitsidwa kutsegula maesiteti awo ndi ngongole za ku banki. Mnyamata wa m'mudzi wa pafupi adakula akuona chimene munthu wopambana amachita akagulitsa fodya: galimoto ya bokosi kumbuyo, chipewa chachikulu, kuimitsa bala yonse. Chitseko chitatsegulidwa m'chaka cha 1990, alimi ang'onoang'ono n'kuloledwa kulima bale, mnyamata uja adali atakula, ndipo chithunzi cha kupambana chidali kale m'mutu mwake.

Mfundo imeneyi idalembedwa bwino ndi Martin Prowse, wofufuza wa ku Ulaya amene adakhala miyezi 19 pakati pa alimi a bale m'chigawo chapakati. M'nkhani yake yotchedwa Becoming a bwana and burley tobacco in the Central Region of Malawi, yomwe idatuluka m'chaka cha 2009 m'magazini ya Journal of Modern African Studies, iye akuti kumwaza ndalama kumene alimi ena amachita m'matauni ang'onoang'ono akagulitsa fodya, kumene kumatchedwa kukaziziritsa, ndi khalidwe lophunzira: akutsanzira bwana wa fodya wa pa esiteti. Adafunsanso akazi a alimiwo mmene amaonera fodya ndi kuziziritsa kumeneku, n'kufananiza mbewu zimene amuna amakonda ndi zimene akazi amakonda. Mukhoza kutsutsana naye pena ndi pena. Koma taonani manyazi ake: mlendo adabwera, adakhala pansi, adafunsa, mpaka adakumbukira kufunsa mayi wa pakhomo. Ife eni chinenero, amene sitifuna womasulira, tidakhutira ndi kuseka. Mlendo adadzadi ndi kalumo kakuthwa, koma tsitsilo ndi lathu, timayenera kuyamba ndife kulimeta.

Sikuti m'dziko muno mudasowa alembi odziwa kulowa m'bala ndi maso otsegula. Jack Mapanje, m'buku lake la ndakatulo Of Chameleons and Gods la m'chaka cha 1981, ali ndi ndakatulo ya atsikana a pa Smiller's Bar, yomwe pamutu pake adaikapo chaka cha 1971. M'menemo muli zonse zimene alembi athu a nkhani zazifupi amakonda: mowa wa Carlsberg, nyimbo za simanjemanje, kachipinda ka kuseri, masiketi aafupi. Koma chala cha mlembi sichiloza atsikanawo. Chikuloza mkulu wina wa boma, wopemphera kwambiri, amene adafunsira mmodzi wa iwo n'kukanidwa, ndipo pambuyo pake masiketi aafupi adaletsedwa m'dzina la chikhalidwe. Owerenga a nthawi imeneyo ankadziwa lamulo la kavalidwe la m'chaka cha 1973, lomwe lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'mawondo mpaka m'chaka cha 1993. M'mizere yochepa Mapanje adasandutsa bala ya m'mbali mwa msewu kukhala kalilole woonera boma lonse. Ndipo boma lidadziwa kuwerenga: pa 25 Seputembala 1987 apolisi adakamutenga ali ku Gymkhana Club ku Zomba, n'kukamutsekera ku Mikuyu popanda mlandu mpaka mu Meyi 1991.

Chitsanzo china n'cha ku Kasungu kwenikweni. Buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, The Boy Who Harnessed the Wind, la m'chaka cha 2009, anthu amalidziwa chifukwa cha makina a mphepo opangira magetsi amene mnyamatayu adamanga kwa Wimbe pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002. Koma werenganinso mitu yoyambirira. Bala ya pa Wimbe ilimo, ndipo tikuiona ndi maso a ana amene amakatola mapaketi otha a Chibuku, kuwatsuka, n'kupanga timagalimoto toseweretsa. Mulinso mbiri ya bambo ake ali mnyamata wa geni ku Dowa, munthu wamphamvu, wakumwa ndi wandewu, amene pambuyo pake adasiya mowa n'kukhala mlimi. Kumeneko ndi kutembenuka mtima konga kwa Nthondo, koma munthuyo tapatsidwa wathunthu, woti tikhoza kumuopa, kumuseka ndi kumukonda nthawi imodzi. Filimu ya bukuli, yomwe Chiwetel Ejiofor adatulutsa m'chaka cha 2019, idaonjezera mbali ina ya fodya: anthu a m'mudzi akukangana ngati agulitse mitengo yawo ku esiteti, njala ili pakhomo. Chondiwawa n'chakuti chithunzi chabwino chotere cha pa malo a malonda a ku Kasungu chidalembedwa m'Chingerezi, poganizira owerenga a kutsidya kwa nyanja. M'Chichewa, chinenero chimene anthu a m'balamo amayankhula, tikadali pa jekete yosamukwana.

Anzathu a maiko ena adazindikira kalekale kuti bala ndi bwalo la milandu la anthu wamba. Ku South Africa m'zaka za m'ma 1950, pamene lamulo linkaletsa munthu wakuda kugula mowa wa azungu, Can Themba ndi anzake a magazini ya Drum adalemba moyo wa m'mashabini a ku Sophiatown, ndipo kudzera m'mashabinimo dziko lidaona tsankho mmene linkaphwanyira anthu. Ku Kenya Meja Mwangi, m'buku la Going Down River Road la m'chaka cha 1976, amayenda ndi amisiri omanga nyumba kuchoka pa ntchito kupita m'mabala a ku Nairobi, ndipo owerenga amadziwa malipiro awo, lendi yawo ndi mtengo wa chakumwa chawo. Alain Mabanckou wa ku Congo adamanga buku lathunthu, Verre Cassé la m'chaka cha 2005, m'bala imodzi, momwe chidakwa china chapatsidwa kope kuti chilembe mbiri za anzake. Palibe mmodzi mwa alembi amenewa amene akuti mowa ndi wabwino. Anthu awo amagwa, amasanza, amafa. Kusiyana kwake n'kwakuti mlembi wakhala nawo pa benchi, sadaime pakhomo ndi chikwapu.

Tibwerere ku Kasungu, tione anthu amene mtsogoleri wathu amatidutsitsa osatipatsa mpata wowapatsa moni. Woyamba ndi mtsikana wa milomo yofiira uja. M'nkhani zathu alibe kwawo, alibe mayi, alibe mwana. Amangotuluka mumdima ngati fisi, n'kubwerera mumdima ndi chikwama cha mlimi. Chonsecho aliyense akudziwa kuti amayi amenewa amatsata nyengo monga mmene amachitira wogulitsa kaunjika ndi wokonza njinga: fodya akatha amalowera kumene kuli thonje, kumene kwagwa usipa, kapena ku minda ya mizimbe pakutha pa mwezi. Kachipinda ka kuseri kwa bala amalipira kwa yani? Kumudzi amatumiza zingati? Adasiya sukulu chaka chiti, ndipo chifukwa chiyani? Mwina ndi mwana wa tenanti wa pa esiteti ya pafupi pomwepo, amene fodya yemweyu adamulera ndi kumutaya. Ndikadakonda kuwerenga usiku womwe uja wa mabala atatu ndi resitihausi, koma wofotokoza akhale iyeyo.

Wachiwiri ndi tenanti, amene m'bala ya mabotolo salowamo n'komwe. Kwa zaka zambiri mabanja ankatengedwa pa malole kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi ku Machinga kudzalima fodya m'maesiteti a ku Kasungu. Chimanga, mchere ndi sopo ankalandira pangongole, ndipo pakutha pa nyengo mwini munda ankagula fodyayo pa mtengo wake n'kudula zonse zija. Ena ankatsala ndi kangachepe kogulira kachasu ndi ulendo wobwerera, ena ankatsala ndi ngongole yowamanga chaka china. Lipoti la bungwe la Plan la m'chaka cha 2009 lidati ana ogwira fodya wamuwisi amatha kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Mu Novembala 2019 dziko la America lidayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana, ndipo m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti. Tsono raundi ya mwini esiteti, amene amamwera ku hotela osati pa benchi, idalipidwa ndi thukuta la yani? Nthabwala zathu zimaluma mlimi wa maekala awiri. Wa maekala mazana awiri timamuopa, kapena ndi malume athu.

Wachitatu ndi mayi wa pakhomo. Ameneyu m'nkhani zathu ntchito yake ndi kulira pa ndime yomaliza. Koma ndi iye adathirira nazale mwana ali kumbuyo, ndi iye adasoka masamba mpaka zala kuda bii, ndi iye amadziwa giredi ya tsamba pongoligwira. Dzina la pa chiphaso cha fodya ndi la ku banki nthawi zambiri ndi la mwamuna, ndipo nkhondo yeniyeni ya banja la fodya imamenyedwa pamenepo, sabata imene ndalama zikuyembekezeka. Alipo amayi amene amakwera nawo matola kupita ku banki, osasiya mwamuna ayende yekha. Alipo amene amalima mtedza ndi soya pambali kuti pakhomo pakhale ndalama yosadutsa m'bala. Alipo amene amabisa ya fizi ku banki m'khonde. Kuchenjera kumeneku, kukambirana kwa usiku, kuopsezana kuti ndipita kwathu, kuitana ankhoswe, zonsezi ndi sewero lokwana, lokhala ndi nthabwala zake ndi misozi yake. Ife tidamupatsa mayiyu mzere umodzi: dzanja patsaya.

Pali nkhani ya chinenero. Amene adakhalapo m'bala ya pa malo a malonda mu Juni akudziwa kuti m'menemo Chichewa chimavina. Muli Chichewa cha eni dera, muli Chilomwe ndi Chiyao cha obwera, ndipo mukamayandikira Nkhamenya Chitumbuka chimalowerera pakati pa chiganizo. Muli Chingerezi cha pa okushoni chopindidwa kuti chikwane m'kamwa, maina opatsa mowa, maina opatsa ndalama, kunyozana kwa pachibale kwa Angoni ndi anzawo, mikangano ya mpira ndi ya mavoti, ndi nthano za mabelo amene adasowa panjira. Koma tsegulani nkhani yosindikizidwa: chidakwa chikuyankhula ngati chikuwerenga chilengezo cha kutchalitchi, ziganizo zonse zoongoka, kapena apo ayi mlembi wachipatsa chibwibwi chabodza kuti tidziwe kuti chaledzera. Khutu la mlembi lidatsala kunyumba. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ankadzaza maholo chifukwa anthu ankamva mayankhulidwe awo enieni pa siteji. Olemba pa pepala tili ndi ngongole imeneyo.

Wina anena kuti kodi ukufuna tizilemba zotamanda uchidakwa, ana athu akuwerenga? Iyayi. Dziko lomwe lidafika poletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, ana asukulu atayamba kuuika m'matumba a yunifolomu, silifuna wolitamandira mowa. Koma ulaliki umene timalemba sudaletsepo munthu ndi mmodzi yemwe. Mlimi amene tikumunenayo akaimva nkhani yotere pa wailesi amaseka nawo, chifukwa munthu wopusa wa m'seweroyo si iye, ndi wina wake wa mudzi wa kutsidya. Nkhani imene ingamugwire pamtima ndi imene angadzione yekha: kutopa kwake, manyazi ake a mu Febuluwale, mkwiyo wake wa pa okushoni, kukoma kwa kutchedwa bwana, ndi m'mawa uja akuwerenga zotsala kuseri kwa resitihausi. Munthu amatembenuka akazindikira kuti wadziwidwa. Akaona kuti akungosekedwa amaitanitsa lina.

Fodya wakhala akubweretsa ndalama zakunja zoposa theka m'dziko muno kwa zaka zambiri. Mafuta a minibasi imene mwakwera, mankhwala a m'chipatala, ngakhale pepala limene mukuwerengali, mbali ina adagulidwa ndi madola a tsamba la ku Kasungu. Ndalama zimenezi zimadutsa m'maofesi a ku Kanengo, m'mabanki, m'makampani a kunja, mwakachetechete, mopanda woziona. Malo okhawo pamene zimaonekera ndi maso, zikuchita phokoso, ndi pa kauntala ya bala, m'manja mwa munthu amene walandirapo zochepa kuposa onse. N'chifukwa chake n'kosavuta kumuloza. Akonzi a masamba a Chichewa, oweruza mipikisano ya zolemba ndi a Malawi Writers Union angathandize pongofunsa funso limodzi nkhani yotere ikafika pa tebulo: kodi muno muli chiyani chimene sitidachimvepo?

Kwa alembi achinyamata, makamaka inu a ku Kasungu, ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Mchinji amene mudakulira m'fungo la chigafa, pempho langa ndi lapafupi. Nyengo ikubwerayi pitani pa Chinkhoma ndi kope m'thumba. Gulani Fanta ngati simukumwa, khalani pakona, tsekani pakamwa. Pemphani mlimi mmodzi akuonetseni chikalata chake cha malonda ndipo muwerengere limodzi mzere ndi mzere. Funsani wogulitsa pa kauntala kuti mwezi wa Januwale amadya chiyani. M'mawa mutsatireni munthu uja mpaka kwawo, mukamve zimene zikanenedwe chitseko chikatsekedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi wa kumapeto muusiye, owerenga akapeza okha.